Funsani Azakhali: Nyumba ya matailosi ikufuna huva yotani?

Azakhali,

Ine ndi bambo a kunyumba tatsiriza kumanga ku Area 49, ku Lilongwe, ndipo tinalowa m'nyumbamo mu Ogasiti. Pansi ponse tinayala matailosi, kupatula zipinda ziwiri za ana zimene tinangosiya simenti n'kumapaka polishi, poti thumba linali litaphwa. Pabalaza pali kapeti imodzi yaing'ono pakati pa mipando, basi. Chanditopetsa ndi fumbi. Msewu wa kwathu ulibe tala, galimoto ikangodutsa fumbi lonse limathera m'nyumba. Ndikasesa m'mawa, pofika masana mumakhala ngati simunalowe tsache. Mwana wathu wachiwiri ali ndi mphumu, ndipo ndikangoyamba kusesa iye amayamba kubanika. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi ndipo wati ndisankhe huva adzanditengere. Nditapita kusitolo kukaona mitundu yake ndinabwerako mutu utaima: ina yalembedwa 2000W, ina ilibe chingwe, ina ikuoneka ngati ndowa ya matayala. Wogulitsa akuti ndigule ya mawati ambiri. Apongozi anga akuti zonsezi ndi ulesi, tsache silinaphepo munthu. Ndimve ziti?

Mayi wa ana atatu, Area 49

Mwananga, tiyambe ndi apongozi, chifukwa nkhaniyi ikapanda kudzera kwa iwo huvayo idzangokhala chokongoletsa pakona. Muwafunse mwaulemu kuti kale akamasesa pabwalo kapena m'nyumba yozira, ankayambiranji awaza madzi? Adzayankha okha kuti ankaopa kuutsa fumbi. Ndiye nkhani yake ndi yomweyo. Tsache limachotsa zimene maso akuona: nyenyeswa za nsima, makoko a mtedza, mchenga. Koma fumbi losalala ngati ufa woyera lija silituluka pakhomo. Limauluka, limayandama m'mwamba kwa maola, kenako n'kuteranso pa tebulo, pa TV, ndi m'chifuwa mwa mwana. Limene mukulipeza masanalo, lina ndi la galimoto zodutsa, inde, koma lina ndi lomwe lija munalisesa m'mawa, langobwerera kwawo.

Muwauzenso izi, mwina aseka. Amene anapanga huva yamagetsi yonyamulika imene inatchuka padziko sanali mlesi, anali wosesa. James Murray Spangler ankagwira ntchito yoyeretsa m'sitolo ina ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo anali ndi mphumu ngati mwana wanuyo. Fumbi la pantchito litamukwana, analumikiza kamota ka magetsi, chokupizira mphepo, mtengo wa tsache ndi chovala cha pilo kuti chikhale thumba. Mu 1908 nzeruyo inagulidwa ndi William Hoover, mwamuna wa msuweni wake, ndipo dzina loti huva lija linachokera pamenepo. Wosesa anaiwalika, dzina linapita kwa mwini ndalama.

Ine za mahuva sindinaziwerenge m'buku. Ndinakhala zaka zisanu ndi zitatu ku Leicester, ku England, ndikuyeretsa maofesi usiku ndi nyumba za anthu masana, ndipo ndinakoka makina amenewa mpaka phewa langa lamanja linayamba kulosera mvula. Chimene ndinazindikira msanga n'chakuti mahuva ambiri anapangidwira kapeti. Nyumba zambiri kumeneko ndi kapeti kuyambira pakhomo, pamasitepe, mpaka kuchipinda, ena mpaka kubafa, zimene sindinazimvetse mpaka lero. Kapeti imabisa dothi mkati mwa ulusi, choncho kumutu kwa makinawo amaikako burashi yolimba yozungulira mwaliwiro, yoti iziimenya monga timakunthira bulangete pa chingwe. Pa kapeti imeneyo ndi ntchito. Pa matailosi ndi chipongwe. Dothi lili poyera, palibe choti chikunthidwe, ndiye burashiyo imangomenya mpunga, chimanga ndi timiyala n'kumaziponyera kumapazi kwanu, zina pansi pa kabati. Choipitsitsa, kamchenga kakakodwa m'burashimo kamakanda. Matailosi onyezimira aja amayamba kuchita mbuu pang'onopang'ono, ndipo pa simenti ya polishi mizere imaoneka tsiku lomwelo.

Choncho musanayang'ane mtundu, mtengo kapena dzina, tembenuzani mutu wa huvayo muone kumimba kwake. Mukufuna mutu wathyathyathya, wopanda chozungulira, wokhala ndi timaubweya tofewa m'mphepete ndi timatayala ta labala. Pa bokosi amalemba kuti hard floor kapena parquet. Mitu ina ili ndi kabatani koponda ndi phazi: mukaponda uku timaubweya timatuluka, ndiye pa matailosi, mukaponda uko timabwerera mkati, ndiye pa kapeti. Umenewo ukukwanirani, pakuti kapeti yanu ndi imodzi, ndipo kunena zoona yaing'ono choncho mukhoza kuitulutsa panja Loweruka n'kuikuntha. Palinso mutu wa chogudubuza chofewa ngati thaulo, umene umapezeka kwambiri pa mahuva a batire. Pa matailosi umagwira ntchito yosiririka, umapukuta ndi fumbi lomatirira lomwe. Koma chogudubuza chofewa ndi burashi yolimba si chinthu chimodzi, wogulitsa asakusokonezeni.

Za mawati, wogulitsa uja mwina sanakunamizeni dala, naye anangouzidwa. Nambala ya 2000W ikunena kuchuluka kwa magetsi amene makinawo amadya, sikunena mmene amakokera fumbi. Wodya mitanda isanu ya nsima si ndiye amene amatsiriza ndime msanga. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa mahuva a m'nyumba opitirira 1600W kuyambira mu Seputembala 2014, kenako mu Seputembala 2017 anatsitsa malirewo kufika pa 900W. Anthu anadandaula, ena anathamangira kukagula akale asanathe m'masitolo, koma nyumba za ku Ulaya sizinade. Imene ndinkaikoka kwambiri m'maofesi ndi Henry, kofiira kokhala ndi nkhope yomwetulira kaja, kopangidwa kuyambira mu 1981 ndi kampani ya Numatic, imene lero ili ku Chard, ku Somerset. Ya masiku ano ndi ya 620W yokha. Pa matailosi, pomwe dothi silinakakamire paliponse, mawati 600 mpaka 900 ndi okwana. Chimene chimapatsa huva mphamvu ndi mpweya kuyenda mosaphinjika: paipi yosatsekeka, molumikizira mosatayitsa mpweya, ndi fyuluta (sefa yogwira fumbi m'kati mwa makinawo) yoyera. Ya 2000W yokhala ndi fyuluta yodzaza imalephera kunyamula ngakhale kachikopa ka anyezi, koma mayunitsi imadya bwinobwino.

Pa mitundu imene munaona ija, yoimirira yokankha kutsogolo isiyeni. Ndi yolemera, siilowa pansi pa bedi, ndipo kwawo kwenikweni ndi pa kapeti.

Yopanda chingwe ndikudziwa yakukopani, nayenso mlamu adzakuuzani kuti ndiyo yamakono. Ndi yopepuka, ndipo magetsi akathima imagwirabe ntchito. Koma werengani bwino. Mphindi 40 kapena 60 zimene amalemba pa bokosi ndi za pa mphamvu yotsika. Mukaiika pa mphamvu yonse, zambiri zimafa mphindi khumi zisanakwane. Kachidebe kake ka fumbi nthawi zambiri sikakwana lita imodzi, ndiye ndi fumbi la Okutobala la ku Lilongwe muzikhuthula musanafike n'kukhitchini komwe. Ndipo batire limakalamba monga la foni. Tsiku limene lidzayambe kufa pakati pa balaza, latsopano lofanana nalo mudzalipeza kuti? Ndaona mahuva okongola a batire atapachikidwa kuseri kwa zitseko m'nyumba za anzanga, athanzi paliponse kupatula batire, akudikira m'bale wobwera kuchokera kunja.

Ya ndowa ija, imene amati wet and dry, ine ndimaikonda. Siinyada. Imamwa madzi, imameza mchenga, masamba, utuchi, imayeretsa m'galimoto ndi pakhonde, ndipo madzi a mvula akalowa pansi pa chitseko mu Januwale ndiyo imakupulumutsani. Zachikasu za Kärcher, za ku Germany, ndi chitsanzo chodziwika, koma zilipo za makampani ambiri. Mukanakhala kuti mulibe mwana wodwala ndikanati tengani imeneyo tithane. Vuto lake ndi phokoso, ndiponso fyuluta imene zambiri zimabwera nayo inapangidwira zinyalala zikuluzikulu. Fumbi losalala limadutsa n'kutulukira kumbuyo.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yanu, mwananga, ndipo mumve bwino. Huva imakoka mpweya kutsogolo n'kuutulutsa kumbuyo. Mpweya wonse umene walowa uyenera kutuluka. Ngati pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo palibe sefa yabwino, makinawo amasanduka chofukizira: amatola fumbi limene linagona phee pansi n'kulimwaza m'mwamba kuposa tsache. Mwana wa mphumu m'nyumba yotero amavutika kuposa kale, ndipo apongozi adzakhala kuti analondola.

Muuze mlamu kuti ayang'ane fyuluta ya HEPA, ndipo pa bokosi pakhale nambala ya muyezo wake, H13. Ya muyezo umenewu imagwira 99.95 peresenti ya tinthu tating'onoting'ono timene maso saona. Akaona mawu ozembaitsa ngati HEPA-type kapena HEPA-like adutse, amenewo ndi mawu a malonda chabe. Koma fyuluta yabwino m'makina otayikira ili ngati loko wa mtengo wapatali pa chitseko chothyoka, mpweya umangolambalala. Muyese chonchi ikafika: usiku, thimitsani nyali, yatsani huva, ndipo muunike ndi tochi kumbuyo kotulukira mpweya ndi molumikizira monse. Mukaona fumbi likuvina m'kuwala kwa tochiyo, penapake sipanatsekeke bwino. Yambani mwaona ngati fyuluta ndi thumba zakhala m'malo mwake.

Ndatchula thumba. Mahuva alipo a thumba ndi opanda thumba. Opanda thumba anatchuka James Dyson atatulutsa DC01 ku England mu 1993, atayesa maulendo 5,127 monga mwini wake amafotokozera. Mpweya umazungulira mkati ngati kamvuluvulu, fumbi n'kugwera m'chidebe choonekera. N'zosangalatsa kuona, ndipo simugula matumba. Koma chidebecho chimafuna kukhuthula, ndipo pokhuthula chimtambo cha fumbi chimakukwerani kumaso. Ndinkatuluka m'nyumba zina nsidze zili mbuu ngati ndachokera kuchigayo. Thumba labwino, la nsalu yoyera yokhuthala osati la pepala lopyapyala, limagwira ntchito ya sefa yoyamba, ndipo likadzaza mumangotseka pakamwa n'kukataya. M'nyumba ya mphumu ine ndimasankha thumba. Chovuta chake n'chodziwika: matumba satha kugwirizana, huva iliyonse ili ndi ake, ndipo kuno kupeza oyenera ndi mwayi. Ndiye mlamu asabwere ndi makina okha. Abwere ndi matumba osachepera makumi awiri ndi fyuluta imodzi yapadera, ndipo mulembe nambala ya mtundu wa thumbalo pa kalendala kuti aliyense wopita ku Joni muzimutuma. Akati katundu wachuluka, achotse nsapato m'chikwama, matumba asatsale.

Ngati mungathere pa yopanda thumba, khuthulani panja, kutali ndi zenera, mwana ali kusukulu. Fyuluta yotsuka itsukeni ndi madzi okha opanda sopo, iume tsiku lathunthu musanaibwezere. Yonyowa imanunkha nkhungu ndipo imawononga mota. Onaninso kabuku kake, pakuti mafyuluta ena a HEPA satsukidwa, amangosinthidwa.

Musaiwale kuti fumbi limene limavutitsa mwana silili pansi pokha. M'matiresi, m'mapilo ndi m'masofa mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene zitosi zake zimautsa mphumu mwa anthu ambiri. Kamutu kakang'ono ka mipando kaja kagwiritseni ntchito pa matiresi ake mlungu uliwonse, ndi pa makatani a kumsewu. Kamlomo kosongoka ndi ka m'makona, m'mphepete mwa khoma ndi m'mizere ya pakati pa matailosi, momwe tsache limangokankhiramo dothi. Pohuva mwanayo atuluke kaye. Ndipo huva si mankhwala: zimene anakupatsani kuchipatala apitirize, ndipo utsi wa mbaula usamalowe m'nyumba.

Mbaula yandikumbutsa. Nditabwerera kuno ndinabwera ndi huva yanga yoyamba, yomwe ndinaisungira ndalama miyezi itatu. Inakhala milungu isanu ndi umodzi. Mwana wa achimwene anga, pofuna kundisangalatsa, anaona phulusa litatayika pakhonde ndipo anati azakhali akabwera apeze poyera. M'phulusamo munali kakhala kamoyo. Mpweya wa huva unakakupiza bwinobwino, thumba linayamba kunyeka, ndipo ndinafika n'kupeza mnyamata ataima pabwalo atanyamula ndowa yopanda madzi, madzi onse ali m'makina. Sindinamukalipire, nkhope yake inali itamulanga kale. Choncho onse a m'nyumba muwauze tsiku loyamba: phulusa ayi, ngakhale looneka lozizira, madzi ayi, pokhapokha ili ya ndowa, ufa wotayika wambiri muyambe mwawola ndi manja. Ndipo poti nyumba yanu ndi yatsopano, ngati amisiri akadali kubwera kudzaboola makoma kapena kudula matailosi, fumbi la simenti lisalowe m'huvamo. Limatseka thumba ndi fyuluta pa mphindi zochepa, mota n'kuyamba kutentha. Limenelo ndi la chikolopa chonyowa.

Za magetsi musade nkhawa. South Africa ndi Malawi tonse tili pa mavoti 230, kusiyana kuli pa pulagi. Yawo ndi ya mano atatu obulungira, yathu ndi ya mano atatu a makona ngati ya ku Britain. Musaikakamize ndi adaputa ya pamsika, imatentha n'kusungunuka. Itanani wodziwa zamagetsi adule pulagiyo aikepo yathu ya fyuzi ya 13A. Chingwe chikhale chachitali, mamita 8 kapena 10, kuti musamazule ndi kulumikiza chipinda chilichonse. Dziwaninso kuti chogulidwa kunja chikawonongeka, kuchibweza kusitolo ndi ulendo wa basi wa masiku awiri. N'chifukwa chake ndikuti musankhe yosavuta, ya batani limodzi, yoti mmisiri wa mawailesi akhoza kuitsegula.

Ndiye mlamu mumuuze chonchi: huva ya chingwe yokoka pambuyo, ya thumba, ya HEPA H13, mawati osapitirira 900, mutu wathyathyathya wofewa, ndi matumba ake. Chikolopa musachitaye. Huva iyambe, chikolopa chitsatire, ndipo mudzaona kuti madzi a m'ndowa sakusandukanso phala lofiira pa chipinda chimodzi. Polishi wa kuzipinda za ana muzipakabe ndi manja anu, huva siipukuta. Ikani chopondera mapazi kunja ndi china mkati, nsapato zizitsala pakhomo.

Za apongozi dikirani mvula yoyamba. Ngumbi zikadzazungulira babu usiku wonse n'kusiya mapiko balaza lonse, muwapatse tsache ayese. Mapiko a ngumbi amathawa tsache ngati amoyo. Akatopa, yatsani huva osanena kanthu.

Azakhali,

Ndine mphunzitsi ku Zomba. Kwathu magetsi a ESCOM alipo, koma poti amathimathima ndinaika sola ndi inveta ya 1000W. Nyumba yonse ndi simenti. Mlongo wanga ali ku America ndipo akufuna kunditumizira huva imene sakuigwiritsanso ntchito. Kodi ingagwire ntchito pa sola? Nanga siindithera mayunitsi?

Mphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, mlongo wanu mumuthokoze kwambiri, kenako mumufunse funso limodzi: ndi ya chingwe kapena ya batire? Ngati ndi ya chingwe, aipereke kwa anzake komweko. Ku America magetsi a m'nyumba ndi mavoti 120, kuno ndi 230. Mukailumikiza pa khoma lanu idzalira kamodzi mokweza kuposa kale lonse, kenako fungo. Thiransifoma yotsitsa magetsi yokwanira mota yotero ndi chimtolo cholemera, ndipo mtengo wake pamodzi ndi wotumizira mukhoza kugula huva ina.

Ngati ndi ya batire, nkhani yasintha, ndipo apa ndidzitsutsa pang'ono pa zimene ndauza mayi a ku Area 49. Kwa munthu wa sola, ya batire ili ndi nzeru. Ajambule chaja yake akutumizireni chithunzi. Ngati palembedwa 100-240V, idzagwira ntchito kuno mukangosintha polowetsera. Machaja ambiri otere safika mawati 50, inveta yanu siidzamva n'komwe. Mumatchaja masana dzuwa lili pamutu, n'kuhuva nthawi imene mukufuna. Mumufunse kuti batirelo lakhala zaka zingati, ndipo ngati angathe agule lina lapadera. Wobwera nalo pa ndege aliike m'chikwama cha m'manja, pakuti mabatire a lithium apadera saloledwa m'katundu wa pansi.

Ya chingwe pa inveta ya 1000W musayese. Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kuposa nambala yolembedwa, ndipo inveta imangolira n'kuzima. Ngakhale italola, huva ya 800W pa batire la mavoti 12 imakoka maampu pafupifupi 70. Balaza lidzayera, koma usiku mudzachonga makope a ana ndi kandulo.

Za mayunitsi, masamu ake ndi a Sitandade 6, muwapatse ana anu. Huva ya 800W ikayaka theka la ola yadya 0.4 ya yuniti. Ketulo ya 2000W imadya yomweyo pa mphindi 12. Amene akukutherani mayunitsi ali kukhitchini.

Azakhali,

Ndili ku Manchester, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikuchita lendi kanyumba kamene pansi pake ndi laminate. Mwini nyumba anandichenjeza kuti ndikawononga pansi, ndalama ya dipoziti sindidzaionanso. Ine ndinazolowera kukolopa tsiku lililonse ngati kwathu ku Ndirande. Komanso ndimaluka anzanga tsitsi Loweruka, ndipo huva imene ndinabwereka inasiya kuzungulira.

Mtsikana wa ku Ndirande, Manchester

Mwanawe, chikolopa cha ku Ndirande chisiye ku Ndirande. Laminate imaoneka ngati thabwa, koma mkati mwake ndi utuchi wopanikizidwa, pamwamba n'kumatapo chithunzi cha thabwa ndi kachikopa kolimba. Madzi akalowa molumikizira, utuchiwo umafufuma, m'mphepete mumatukuka, ndipo sizibwereranso ngakhale uyatse hita mwezi wonse. Ndinaonapo dipoziti ya mnzanga ikupita chonchi, iye akulumbira kuti ankangofuna ukhondo. Uzihuva kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo pokolopa ufinye nsalu mpaka dzanja liwawe, pansi paziuma usanatuluke m'chipindamo. Chokolopera cha nthunzi chija usachiyandikize.

Huva wabwerekayo sinafe. Mesh wakulunga burashi. Izule kukhoma, uitembenuze, udule tsitsilo ndi sizasi motsatira utali wa burashiyo n'kulisolola, makamaka kumapeto konse kuwiri komwe limamanga mfundo. Ukaona kuti ikukanabe, lamba wake waduka, ndipo ndi wotchipa. Uikonze usanaibweze, kuti mwini wake adzakubwerekenso china.

Pogula yako, iwe uli pabwino kuposa onse alemba mwezi uno, pakuti kumeneko matumba ndi mafyuluta ali paliponse. Henry yogwiritsidwapo kale ntchito imapezeka mosavuta, ndipo mutu wake ulibe chozungulira choti mesh akulunge. Komabe tsiku loluka uyale nsalu pansi pa mpando, ukatha uwole tsitsi ndi manja. Lalitali choncho likalowa lambiri limatseka paipi.

Azakhali,

Ndaona mahuva akaunjika pamsika ku Limbe, otchipa ndithu. Ndingagule?

Bambo wa ku Bangwe

Achimwene, mukhoza, koma osagula ndi maso. Yambani ndi kapepala kapansi pa makinawo: pakhale 220-240V. Mukaona 120V bwezani pomwepo, ngakhale wogulitsa atalumbira pa manda a agogo ake. Kenako mupemphe kuti mukaiyatse penapake pali magetsi, ndipo iyake mphindi zisanu, osati kungoti vuu n'kuthimitsa. Mverani kulira kwake: kukhale kumodzi, kosakwera ndi kutsika, kopanda kukhuluza. Nunkhizani kumbuyo. Fungo la galu ndi la fumbi lakale limatha mukasintha thumba ndi fyuluta, koma fungo la waya wopsa ndiye kuti mota ili paulendo. Tsekani kukamwa kwa paipi ndi chikhato: ikugwireni mwamphamvu, ndipo kulira kwa mota kukwere. Pindani paipi yofewa ija pang'onopang'ono muone ming'alu, makamaka pafupi ndi chogwirira. Tengani mchenga ndi mpunga pang'ono m'kapepala, muwaze pa simenti, muone ngati ikutola kapena ikumwaza.

Tsegulaninso mkati. Ngati ndi ya thumba koma mulibe thumba, ndipo mkati monse ndi mbuu, ndiye kuti wina ankaigwiritsa ntchito choncho ndipo mota yadya fumbi. Telala akhoza kukusokerani thumba la nsalu lokhala ndi zipi, ndipo pa galaja kapena m'galimoto limathandiza, koma fumbi losalala limadutsa.

Chomaliza ndi chinsinsi changa, musauze ogulitsa. Mukapeza ina imene mota yake ikulira bwino koma siikoka, chotsani paipi muyese ndi chikhato pa makina penipeni. Ikakugwirani pamenepo, vuto lili m'paipi. Imikani paipiyo, muponyemo ndalama yachitsulo. Ikapanda kutulukira pansi, muli chotsekera. Imene ndikugwiritsa ntchito lero ndinaigula chonchi, pa mtengo wa yakufa. Nditafika kunyumba ndinalowetsa mtengo wa chikolopa m'paipimo, ndipo munatuluka sokosi ya mwana, yabuluu, ndi kasupuni ka tiyi.